Madzi akatentha, kodi chakudya cha kapenta chimachuluka?

Funso: Ine ndimagulitsa kapenta pamsika wa ku Ulongué, ndimapikula kwa anthu obwera naye kuchokera ku Cahora Bassa. Mwana wanga wamkazi ali kalasi 11, ndiye anandiuza kuti kapenta amadya tizilombo tam'madzi totchedwa copepod, ati timaswana ndi kukula msanga madzi akatentha. Apa ndi pamene ndikudabwa. Dzuwa la masiku ano likuotcha chonchi, bwanji kapenta sakuchuluka, thumba likungokwera mtengo? Komanso iye akuti buku lake likukamba za m'nyanja yamchere. Kodi za kumeneko ndi za kuno n'chimodzimodzi? (Mayi wa ku Ulongué, Angónia)

Yankho: Mayi, mtsikana wanuyo sanakunamizeni, ndipo mumuuze apitirize kutchera khutu m'kalasi. Kungoti wakuuzani mbali imodzi. Kutentha kumafulumizitsadi kukula kwa tizilomboti, koma kukula msanga ndi kwina, kuchuluka ndi kwinanso. Inu a ku Angónia mukuzidziwa kale izi kumunda. Chimanga cha kuchigwa kotentha, monga cha ku Moatize, chimacha msanga kuposa cha ku Tsangano kozizira, koma nkhokwe zodzaza timazipeza kumtunda kuno, kumene kuli mvula ndi chonde. M'madzi namo zili choncho.

Dzina lachichewa tizilomboti tilibe. Ine pophunzitsa ndimangoti tinkhanu, chifukwa ndi abale a nkhanu ndi kamarawu: chigoba kunja, miyendo yambiri, mafupa ayi. Tambiri ndi ta milimita 1 kapena 2, ngati njere ya bonongwe kapena ya mawere. Dzina loti copepod ndi la Chigiriki, tanthauzo lake miyendo yonga nkhafi, poti timasambira mopalasa. Tili ndi diso limodzi pakati pamutu ndi nyanga ziwiri zazitali zotambasuka uku ndi uku.

Tsiku limene ndinationa bwino koyamba unali usiku, tili m'boti cha ku Quelimane, kumene madzi a mtsinje amakumana ndi a nyanja. Tinakoka pang'onopang'ono kaukonde ka nsalu, ka maso aang'ono kuposa sefa ya ufa, mphindi zisanu zokha, n'kukhuthulira zotsalira m'botolo lagalasi. Nditaunika ndi tochi, madzi aja ankaoneka ngati wina wathiramo gaga. Koma gaga wake wamoyo. Kadontho kalikonse kankayamba kaima phee, kakumira pang'ono, kenako n'kudumpha ngati nthata. Mnzanga woyendetsa boti, munthu wobadwira panyanja, anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikusamba m'phala?"

Moyo wa kankhanu umayambira m'dzira. Likaswa mumatuluka kanthu kosafanana n'komwe ndi make, kozungulira, ka timiyendo tochepa, kotchedwa nauplius. Popeza chigoba sichitanuka, kuti kakule kamayenera kufundula monga imachitira njoka. Kamadutsa misinkhu isanu ndi umodzi kali nauplius, kenako kamasintha thupi n'kuyamba kufanana ndi akuluakulu, n'kudutsanso misinkhu ina isanu. Kufundula konse pamodzi ndi ka 11. Kakafika pa ukulu basi, sikafundulanso, sikatalikanso. Kuyambira pamenepo chimene kakakazi kadya chimapita ku mazira. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Pokwerana, kakamuna kamagwira kakakazi ndi nyanga yake n'kukamatira kathumba ka mbewu pamimba. Zimenezi zimasiyanitsa tinkhanu ndi tizilombo tina timene kapenta amadyanso, monga Bosmina ndi Daphnia, timene nthawi zambiri timabereka tokha popanda tatimuna.

Tsopano kutentha. Tinkhanu tilibe kutentha kwa m'thupi mwake monga ife kapena nkhuku. Madzi akazizira zonse m'thupi zimayenda mwaulesi, akafunda zimathamanga. Mwachidule, madzi akakwera ndi madigiri 10, liwiro la kukula limawirikiza kawiri, nthawi zina kuposa apo. Mtundu wa Acartia tonsa, umene umapezeka m'magombe ambiri padziko, umatenga pafupifupi masabata awiri kuchoka pa dzira kufika pa ukulu m'madzi a madigiri 20. Mitundu ing'onoing'ono ya m'nyanja zofunda ngati yathu ya Indian Ocean imatha ulendo womwewo m'sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Pamene ku Arctic, kumene nyanja imaundana, Calanus hyperboreus amatha zaka ziwiri, zitatu, ngakhale zinayi asanabereke. Apa mwana wanu walasa.

Akatswiri enieniwo anakanganapo pankhaniyi. Mu 1992 Huntley ndi Lopez anasonkhanitsa zopimidwa m'nyanja zosiyanasiyana nanena kuti kutentha pakokha kumafotokoza zoposa 90 peresenti ya kusiyana kwa kakulidwe ka tinkhanu. Kunena kwina, ukadziwa kutentha kwa madzi wadziwa zonse. Anthu anaikonda mfundoyi chifukwa ndi yophweka, kupima kutentha sikulira ndalama. Koma otsatira, makamaka Hirst ndi anzake cha m'ma 1998 ndi 2003, anaonetsa kuti chakudya ndi kukula kwa thupi nazo n'zofunika. Chimene chinaoneka n'chakuti tiana nthawi zambiri timakula pafupi ndi liwiro limene kutentha kwalola, poti timimba take n'tating'ono, sitivuta kukhuta. Amene amavutika ndi amayi awo. Kakakazi kosowa chakudya sikafa msanga, kamangochepetsa mazira, mwina kusiyiratu. Ine ndili kumbali imeneyi, ndipo mudzaona chifukwa chake.

Kaikiridwe ka mazira kali pawiri. Mitundu ina, monga Acartia ndi Calanus, imangowaza mazira m'madzi n'kumapita. Kakakazi ka Acartia kokhuta bwino kamatha kuikira mazira 20 kapena 30 pa tsiku, nthawi zina kufika 50, tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo. Mazirawo ndi aang'ono zedi, mungafunike 12 kuwandandalika pamzere kuti akwane milimita imodzi, ndipo m'madzi ofunda amaswa pa tsiku limodzi lokha. Mitundu ina, monga Oithona wa m'nyanja yamchere ndi Mesocyclops wa m'madzi athu akumwa, imanyamula mazira m'timatumba tolendewera kumchira mpaka ataswa. Iyi imaikira ochepa, kawirikawiri osafika 10 pa tsiku tikagawa, popeza kathumba katsopano sikangabwere kakale kasanaswe. Mungaganize kuti owazawo ndiwo opambana. Ayi. Mazira owazidwa ambiri amadyedwa kapena kumira m'matope asanaswe. Onyamulidwawo amatetezeka, koma mayi wake amaonekera patali kwa nsomba, ngati munthu wosenza mitolo iwiri pamsewu. Pomaliza mbali zonse ziwiri zimatsala ndi ana okwanira kupitiriza mtundu, n'chifukwa chake zonse zilipobe.

Kapimidwe kake n'kosavuta kufotokoza, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Umasankha tatikazi tamoyo pa maikulosikopu ndi kachubu kagalasi, kamodzikamodzi, osatipweteka nyanga. Umatiika m'mabotolo a madzi a pamalo pomwepo, n'kusunga pa kutentha kofanana ndi kwa nyanja kwa maola 24. Mawa lake umawerenga mazira n'kugawa ndi chiwerengero cha amayi. Poti wamkulu sakulanso thupi, mazira amenewo ndiwo kukula kwake. Chaka changa choyamba pantchitoyi ndinkathira tatikazi 10 m'kabotolo kamodzi kakang'ono, ndipo m'mawa ndinkapeza mazira owerengeka. Ndinafika polemba m'kope kuti malo amenewo kuli njala. Mkulu wina amene ankatiyang'anira anangowerenga n'kufunsa kuti, "Achimwene, pansi pa botolo munaikapo sefa?" Ndinalibe yankho. Tinkhanu tikapanikizana timadya mazira ake omwe, monga nkhuku yozolowera kujompha mazira m'chisa. Umayenera kuika kasefa koti mazira azigwera pansi pake, amayi n'kutsala pamwamba. Ntchito ya masabata atatu inapita padera.

Chakudya cha tinkhanu ndi tindere tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, pamodzi ndi tizilombo tina tochepetsetsa. Tindereti ndi mbewu, ndiye timafuna zomwe chimanga chimafuna: dzuwa, nayitrojeni ndi fosiforasi, zija mumagula m'thumba la NPK. Komanso si ndere iliyonse imene ili chakudya chabwino. Mu 1999 akatswiri a ku Naples ku Italy anafalitsa zimene anapeza m'nyanja ya Adriatic. Pa nthawi imene tindere ta mtundu wa diatom tinachuluka kwambiri, tinkhanu tinkadya n'kuikira mazira bwinobwino, koma mazira 12 okha pa 100 aliwonse ndi amene ankaswa. Tindere tija titatha, ankaswa 90 pa 100. Mitundu ina ya diatom imatulutsa mankhwala owononga mluza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'madzi akumwa namo, ndere zija zimapanga utoto wobiriwira pamwamba pa damu nthawi yotentha, zotchedwa cyanobacteria, ndi chakudya chopanda pake kwa tinkhanu ngakhale zichuluke bwanji.

Buku la mwana wanu likukamba za m'mbali mwa nyanja yamchere chifukwa kumeneko ndi kumene tinkhanu timachulukitsitsa. Pakatikati pa nyanja yaikulu madzi ndi oyera mbee, okongola, koma ndi chipululu. Chonde chili kugombe, kumene mitsinje imathira zimene yakokolola kumtunda, ndipo mafunde ndi kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja zimavundula pansi posaya. Kwathu kuno chitsanzo ndi Banco de Sofala, madzi osaya a kunyanja kwa Beira, Chinde ndi Quelimane, kumene Zambezi amatsirira. Kamarawu wotchuka wa Mozambique amagwidwa kumeneko. Ana a nsomba akangoswa, kukamwa kwawo kumakhala kochepa moti chimene angathe kumeza ndi nauplius. Ana a kamarawu nawo akakulako pang'ono amadya zomwezo. Akaswa pa sabata imene tinkhanu sitinaikire, ambiri amafa ndi njala asanaoneke n'komwe ndi maso. Akatswiri anaonetsa kale kuti kagwidwe ka kamarawu ku Sofala kamayenderana ndi mmene Zambezi wathirira madzi, ndipo kuyambira pamene damu la Cahora Bassa linatsekedwa kumapeto kwa 1974, kusefukira kwa dzinja kunachepa, madzi a chilimwe n'kuchuluka. Choncho dothi lokokoloka m'minda ya ku Angónia, lotsika ndi Revúbuè kukalowa mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, lili ndi gawo lake pa zimene zimachitika ku Chinde.

Kugombe kulinso chinthu china chodabwitsa. Nyengo ikaipa, mitundu ina monga Acartia imaikira mazira ogona, amene amamira m'matope n'kukhala osaswa miyezi, ena zaka. Zinthu zikabwerera m'chimake amaswa. Ndi mbewu yosungidwa m'chiguduli kudikira mvula.

Ndiye za kumeneko ndi za kuno n'chimodzimodzi? Mitundu ndi yosiyana, wa m'madzi amchere sangakhale ku Cahora Bassa. Koma kakulidwe, kufundula, kudalira kutentha ndi chakudya, zonsezi sizisintha.

Kapenta amene mumagulitsayo ndi mlendo mu Zambezi. Kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika, dzina lake la sayansi Limnothrissa miodon. Anamuthira m'damu la Kariba, kumtunda kwa Zambezi, mu 1967 ndi 1968, ndipo kuchokera kumeneko anatsika yekha ndi mtsinje n'kudzakhazikika mu Cahora Bassa. Amasaka ndi maso, kutola tinkhanu kamodzikamodzi, kuyambira tonenepa ndi tonyamula mazira.

Kutentha kukapitirira, pali zinthu zitatu zimene zimamulanda chakudya m'malo momuonjezera. Choyamba, thupi lothamanga limafuna kudya kwambiri. Kankhanu ka m'madzi otentha kamatha mphamvu zambiri pongopuma, ndiye ngati tindere sitinachuluke, zotsalira za mazira zimachepa. Chachiwiri, kokulira m'madzi otentha kamafika pa ukulu kali kakang'ono thupi kuposa kokulira mozizira, ndipo mayi wamng'ono amanyamula mazira ochepa, komanso kwa kapenta ndi nthongo yaing'ono. Chachitatu ndiye chachikulu. Madzi otentha ndi opepuka, amayandama pamwamba pa ozizira ngati mafuta pa ndiwo. M'nyanja zakuya za kuno kotentha, miyezi ya dzuwa madzi amagawikana pawiri osasakanikirana. Tindere ndi tinkhanu tikafa timamira, n'kukaolera pansi, ndipo chonde chonse chimatsekeredwa kumeneko kumdima. Pamwamba pali dzuwa koma palibe feteleza, pansi pali feteleza koma palibe dzuwa. Chimene chimatsegula nkhokwe imeneyi ndi kuzizira ndi mphepo ya Juni ndi Julayi, pamene madzi apamwamba amalemera n'kumira, apansi n'kukwera. Ndiye onani, Mayi, chimene chimadyetsa nyanja ndi chisanu chija timadandaula nacho, pamodzi ndi madzi atsopano a mitsinje. Ku Kariba zinaoneka kale kuti zaka zimene mitsinje yathira madzi ambiri, kapenta amachita bwino pambuyo pake. Ku Tanganyika, kafukufuku wofalitsidwa mu 2003 anaonetsa kuti kufunda kwa madzi apamwamba kwachepetsa kusakanikirana kumeneku ndipo tindere tachepa, ngakhale ena amati pa kuchepa kwa nsomba kuchuluka kwa asodzi nako kuli ndi mlandu.

Cahora Bassa ilinso ndi vuto lakelake, matope. Luangwa amalowa mu Zambezi pa Zumbo atasenza dothi, ndipo madzi akada dzuwa sililowa patali. Chonde chabwera, inde, koma tindere timadikira kaye kuti matope adikhe.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri inachitikira pa nyanja yathu yomweyi. Mu 1982 ndi 1983 katswiri wa ku Poland, Maciej Gliwicz, ankawerenga tizilombo toyandama ta mu Cahora Bassa, tinkhanu ndi anzake aja a Bosmina ndi Daphnia. Anapeza kuti chiwerengero chake chinkakwera ndi kutsika motsata mwezi wakumwamba, kusiyana kwake mpaka kakhumi. Masana tizilomboti timabisala pansi kuthawa maso a nsomba, usiku n'kukwera pamwamba kukadya. Mwezi ukakhala kumdima timadya mwamtendere n'kuswana. Mwezi ukamakula umakhala uli kale kumwamba dzuwa likamalowa, ndiye timauona n'kusamala, osakwera kwambiri. Tsoka limabwera mwezi ukangokwanira ndi masiku otsatira. Pamenepo dzuwa likalowa kumayamba kwada bii, ola limodzi kapena awiri, tizilombo tonse n'kukhamukira pamwamba poyesa kuti kwayera. Kenako mwezi uja n'kutulukira kuphiri, ngwee! Kapenta ali pomwepo. Masiku ochepa okha khamu lonse lija laphwasuka. Gliwicz anautcha msampha wa mwezi, ndipo anafalitsa zimenezi mu 1986.

Chimene chikutikhudza pa funso lanu n'chakuti pakangotha masabata atatu tizilomboti tinkakhala tabwereranso. Uko ndiko kuswana msanga kumene mwana wanu akunena, ndipo popanda iko kapenta sakanakhala m'nyanjamo n'komwe. Koma kuchuluka kwake tsiku lililonse kunkalamulidwa ndi wodya, osati ndi kutentha.

Za mwezi inu mukuzidziwa mbali ina. Asodzi a kapenta amagwira usiku ndi magetsi pa maboti awo, kukopa nsomba kuti zisonkhane pamwamba pa ukonde. Mwezi ukawala magetsi aja sakoka, nsomba zimabalalika, ndipo katundu amachepa. Mukamalemba m'kope tsiku limene mwapikula ndi mtengo wake kwa miyezi itatu kapena inayi, n'kuyerekeza ndi mwezi, mudzadziwa sabata yoyenera kugula zambiri. Pa kukwera kwa mtengo chaka ndi chaka, tisanamizire tinkhanu tokha. Pali kuchuluka kwa maboti, pali kuphera m'madzi osaya mmene ana a kapenta amakulira, pali mafuta a galimoto kuchokera ku nyanja kukwera mpaka ku Ulongué, palinso ogula ochokera kunja kwa malire amene mukulimbirana nawo thumba lomwelo. Kwa ine, ukonde wa udzudzu wokokedwa m'mbali mwa nyanja umawononga kapenta wambiri kuposa dzuwa la Okutobala.

Mwana wanuyo asangothera m'buku. Tinkhanu tili ngakhale m'madamu ndi m'zithaphwi zokhalitsa za ku Angónia konkuno. Atenge chitenje chakale chofewa, achipinde kanayi, asefepo ndowa zitatu kapena zinayi za madzi a padambo, makamaka chakumadzulo. Kenako atembenuze nsaluyo n'kuitsukuluza m'botolo lagalasi la madzi omwewo. Ndikatchula chitenje ndakumbuka za ku Bangladesh. Tizilombo ta kolera timakonda kumatirira pa zigoba za tinkhanu, ndipo kafukufuku wa Rita Colwell ndi anzake, wofalitsidwa mu 2003, anaonetsa kuti m'midzi imene amayi ankasefa madzi ndi nsalu yakale yopinda kanayi, kolera inatsika pafupifupi ndi theka. Kusefa sikulowa m'malo mwa kuwiritsa kapena kuthira mankhwala a m'madzi a Certeza, ndipo akamaliza kuseweretsa madzi a padambowo asambe m'manja ndi sopo.

Botolo lija alowe nalo m'nyumba mwamdima, aunike ndi tochi ya foni kuchokera m'mbali, kumbuyo kwake ataikako nsalu yakuda. Toyenda mosalala ngati tikuuluka si timeneto. Ayang'ane todumphadumpha, tooneka ngati kadontho kokhala ndi mchira. Akapeza kena kokhala ndi timatumba tiwiri kumchira, kamodzi uku kena uku, ameneyo ndiye mayi wonyamula mazira. Akakoke ndi kachubu ka bolopeni, akaike m'kabotolo kakekake pamthunzi, alembe tsiku. Pakapita masiku awiri kapena atatu, mwina kuposerapo kukakhala kozizira, adzapeza timatumba tija palibe, ndipo akaunika bwino adzaona tifumbi toyera tikunjenjemera m'madzimo. Akachita zomwezo mu Julayi n'kudzabwerezanso mu Novembala, ayerekeze masiku a maulendo awiriwo, akawaonetse aphunzitsi ake.